Mphasa yatulukira pa mabatani onse: yankho kwa wowerenga wa PyQt

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akupanga pulogalamu yowerengetsera katundu wa m'golosale ya amalume ake, pogwiritsa ntchito chilankhulo cha kompyuta cha Python ndi PyQt5, imene imalola Python kugwiritsa ntchito Qt, chida chopangira mawindo ndi mabatani a mapulogalamu. Anajambula mphasa ndi foni kuti ikhale kumbuyo kwa windo la pulogalamuyo. Atachiika chithunzicho, mphasa inatulukira paliponse: pa mabatani, m'timabokosi tolembamo mitengo, mpaka pa menyu. Atasamutsira code yake m'kalasi yodzipangira yekha (kalasi ndi chigawo cha code chofotokoza mtundu wa chinthu, pano windo lake), chithunzi chinangoti zii, osaonekanso. Funso lake ndi loti, walakwitsa pati?

Achimwene, simunalakwitse kwambiri. Mwangogwa m'mayenje awiri amene aliyense woyamba Qt amagwamo.

Loyamba ndi ili. Kuyambira pa Qt 4.2 ya m'chaka cha 2006, Qt imalola kukongoletsa ma widget (mawindo, mabatani, timabokosi ndi zina zotere) ndi malamulo ofanana ndi CSS, yokongoletsera masamba a pa intaneti. Mukapereka lamulo kwa windo lalikulu popanda kutchula mwini wake, lamulolo limatsikira kwa ana onse a windolo. Batani ndi mwana, bokosi lolembamo ndi mwana, choncho aliyense wayala mphasa yake. Mankhwala ake ndi kupatsa windolo dzina ndi setObjectName, tinene kuti "bwalo", kenako n'kulitchula m'lamulo:

#bwalo { background-image: url(:/zithunzi/mphasa.png); }

Chizindikiro cha # chikutanthauza kuti lamuloli ndi la bwalo yekha basi.

Dzenje lachiwiri ndi limene linabisa chithunzi chanu. Kalasi imene mwaitengera kwa QWidget, kholo la ma widget onse, siijambula yokha zimene mwalamula kumbuyo kwake. Muyenera kuiuza poyatsa WA_StyledBackground kudzera mu setAttribute. Ine ndimakonda njira yachidule: ndimatengera kalasi yanga kwa QFrame, widget imene imajambula yokha kumbuyo kwake, nkhani n'kuthera pomwepo. Mukadzasamukira ku PyQt6, dziwani kuti dzinalo limalembedwa lathunthu, Qt.WidgetAttribute.WA_StyledBackground.

Pali lachitatu limene simunafunse koma likukudikirani. Mukalemba dzina la fayilo lokha mu url, Qt imakaifuna mu foda imene pulogalamu yayambira, osati mmene muli code yanu. Pa kompyuta yanu zonse zimayenda, koma mukakaika pa ya amalume, mphasa palibe, ndipo palibe chokuuzani chifukwa pa sikirini. N'chifukwa chake pamwambapa ndayamba ndi :/ kutanthauza kuti chithunzi chatchulidwa mu fayilo ya .qrc, yomwe ndi mndandanda wa mafayilo oyenda limodzi ndi pulogalamu, imene mumaisandutsa Python ndi chida cha pyrcc5. PyQt6 ilibe chida chimenechi, koma PySide6, njira ina yogwiritsira ntchito Qt mu Python, ili nacho chake, pyside6-rcc.

Tsopano za chithunzi chenichenicho, pomwe pagona nkhani. Lamulo la background-image silikoka chithunzi kuti chikwane windo ayi. Limachibwereza ngati matayilosi apansi, mbali ndi mbali. Ndiye chithunzi cha pa foni chili ndi mavuto awiri. Ngati ndi cha mapikiselo 4000 kwa 3000, ndiye kuti ndi mapikiselo 12 miliyoni, ndipo pa mabayiti 4 iliyonse chikudya pafupifupi 48 MB za memory, pamene pa windo pakungooneka kangodya kake. Komanso kuwala kwa dzuwa sikukhala kofanana: mbali ina yawala, ina yada, ndiye pamene matayilosi akumana pamaoneka msoko ngati chigamba cha pa thalauza.

Dulani kachigawo kakang'ono, mapikiselo 256 kwa 256 akukwana, pamene bango layenda molongosoka. Yesetsani kudula motsata mizere ya ulusi kuti bango la kumanja likumane ndi la kumanzere. Kenako tsegulani mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani ku Filters, Map, Tile Seamless. Imasakaniza m'mphepete kuti msoko usaoneke. Pa mchenga kapena pepala imachita bwino zedi. Pa mphasa, poti mizere yake ndi yoonekera, nthawi zina imasiya chimbuuzi, ndiye kudula bwino koyambirira kuja n'kofunika kuposa fyuluta.

Ngati mukufunabe batani lokhala ngati thabwa, gwiritsani ntchito border-image. Iyi imadula chithunzi m'zigawo zisanu ndi zinayi: ngodya zinayi zimakhala momwemo, m'mbali ndi pakati ndi pamene pamakokeka. Batani likule kapena lichepe, ngodya sizipindika. Kungoti mukatero, batani limataya maonekedwe ake a Windows, ndiye munthu akalidina saona kusintha kulikonse. Lembani lamulo lina la :pressed, logwira ntchito batani likadinidwa, lokhala ndi chithunzi choderako, apo ayi amalume azidina kawiri n'kugulitsa sopo mmodzi kawiri.

Koma mundilole ndinene maganizo anga. Musaike mphasa kumbuyo kwa manambala. Ine ndinachitapo zimenezi ndi chithunzi cha thabwa, ndikudzitama kuti ndakongoletsa, mpaka wogwiritsa ntchito anandionetsa 8 amene ankamuwerenga ngati 3 chifukwa mzere wa thabwa unadutsa pomwepo. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kuwerenga za pa intaneti, amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi kumbuyo kwake kukhale 4.5 kwa 1 kapena kuposa, ndipo pa chithunzi cha mawangamawanga kusiyanako kumasintha pa chilembo chilichonse. Ngakhale Apple, imene inkakonda zikopa ndi nsalu pa sikirini, inazichotsa mu iOS 7 m'chaka cha 2013.

Ndiye mphasa ikhale m'mphepete ndi pamwamba pomwe pali dzina la golosale, muichepetse mphamvu mu GIMP kuti ikhale yotuwirako, koma tebulo la mitengo likhale pa QFrame yoyera mbee. Mukamaliza, kaiyeseni masana m'golosale momwemo, chitseko chili chotsegula, amalume ataima pamene amaima akamagulitsa.