Mwanayo anasamba kale: kodi mlandu wogwiririra ungayende popanda DNA?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Mangochi, amene dzina lawo ndi mudzi wawo ndabisa dala. Mwana wa mng'ono wawo, mtsikana wa zaka 14, anagwiriridwa ndi bambo wa nyumba yoyandikana nawo. Mwanayo anaulula patapita masiku awiri, atasamba kale kangapo, zovala zake zitachapidwanso kunyanja. Bamboyo akukanitsitsa, ndipo akuyenda nauza anthu kuti ngati banjalo lili ndi umboni likayezetse DNA. Funso la mayiwo linali lakuti: "Kodi DNA imeneyi n'chiyani, nanga poti mwanayo anasamba kale, ndiye kuti mlandu wathera pomwepa?"

Ndinawayankha tsiku lomwelo kuti athamange naye kuchipatala, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV, aja amati PEP, amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe ndipo amamwedwa masiku 28, pomwe mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza mpaka masiku 5 okha. Zimenezo sizidikira mfumu kapena mwinimbumba. Yankho lalitali ndi ili, Mayi, ndipo mutu wake ndi wakuti mlandu sunathe.

DNA ndi malangizo amene ali m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, amene munthu amatengera theka kwa mayi ake ndi theka kwa bambo ake. Imapezeka m'magazi, m'malovu, mu umuna, pa muzu wa tsitsi ndi m'tizidutswa ta khungu totsalira m'zikhadabo za munthu amene wakanda mnzake podziteteza. Anthu tonse timafanana DNA pafupifupi 99.9 peresenti, kotero akatswiri a kulabotale sawerenga yonse. Amayang'ana malo ochepa amene kachigawo kamodzi kamabwerezabwereza, munthu wina kasanu ndi kawiri, wina kakhumi, ndipo akaphatikiza manambala a malo onsewo amapeza chizindikiro chimene n'chovuta kwambiri kuti munthu wina wosakhala mbale afanane nacho. Ku America, mwachitsanzo, nkhokwe ya DNA ya apolisi imagwiritsa ntchito malo otere 20 kuyambira mu 2017. Mapasa ofanana ndendende ndi okhawo amene njira imeneyi siwalekanitsa.

Amene anatulukira njirayi ndi Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester ku England, mu 1984, ndipo mlandu woyamba wakupha umene inagwirapo ntchito unali wogwiririra. Atsikana awiri a zaka 15 anagwiriridwa ndi kuphedwa m'midzi yoyandikana, wina mu 1983, wina mu 1986. Apolisi anagwira mnyamata wa zaka 17 amene mpaka anavomera mlandu umodzi, koma Jeffreys atayeza umuna wopezeka pa matupi awiriwo anaona kuti unali wa mwamuna mmodzi, ndipo mwamunayo sanali mnyamata uja. Anamumasula. Kenako amuna pafupifupi 5,000 a m'deralo anapereka magazi ndi malovu, koma wolakwayo, Colin Pitchfork, anatuma mnzake wa kuntchito kuti akapereke m'malo mwake. Chinamugwiritsa si makina ayi, koma pakamwa pa mnzakeyo, amene anaulula ali pamowa, munthu wina n'kumva, n'kukauza apolisi. Pitchfork anagwidwa mu 1987 ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 1988. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa mbali zonse: DNA inapulumutsa wosalakwa, inatsimikizira wolakwa, koma amene analoza apolisi khomo loyenera anali mboni wamba.

Tsono DNA imayankha funso limodzi lokha, lakuti zimene zapezeka pa thupi kapena pa chovala zachokera kwa ndani. Siinena tsiku, siinena ngati panali kukakamiza, ndipo siidziwa ngati mkazi analola kapena anakana. N'chifukwa chake pa mlandu wogwiririra munthu wamkulu, umene Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ya upandu, imaufotokoza pa gawo 132, mwamuna akangonena kuti "tinagonadi koma anavomera", zotsatira za kulabotale zimachepa mphamvu, ndipo bwalo limabwerera ku mawu a wodandaula, mabala, zovala zong'ambika ndi anthu amene anamuona kapena kumumva. Pa mlandu wogona ndi mwana, wa pa gawo 138, zinthu n'zosiyana, pakuti lamulo silimva zoti mtsikana wa zaka 14 anavomera. Apa umuna wa woganiziridwa ukapezeka pa mwanayo, bamboyo amasowa pothawira. Ndipo ngati, Mulungu aletse, mwanayo atapezeka ndi pakati, DNA ya khandalo ingathe kuonetsa bambo wake ngakhale patapita zaka.

Mbali inayo ndi imene mwina woyandikana nanuyo akudalira, kapena sakuidziwa n'komwe, wangomva mawuwa pa wailesi. Kusapezeka kwa DNA sikutanthauza kuti palibe chinachitika. Mwamuna angathe kuvala kondomu, angathe osathira umuna, ndipo thupi lenilenilo limadzitsuka masiku akamapita, n'chifukwa chake achipatala amafuna kutenga zoyeza ndi kathonje m'masiku atatu oyambirira. Ana ambiri saulula msanga chifukwa choopsezedwa, ndipo chinthu choyamba chimene munthu wochitidwa chipongwe chotere amafuna ndi kusamba. Musadziimbe mlandu pa zimenezi, komanso musamukalipire mwanayo.

Ndikhalitse pang'ono pa zovala, chifukwa apa ndi pamene mabanja angathandize kapena kuononga. Adani a DNA ndi chinyontho, kutentha ndi chuku, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa Mangochi mu Okutobala angaganize zimene zimachitikira kabudula wamkati wonyowa amene wamangidwa m'jumbo n'kuikidwa pansi pa bedi m'nyumba ya malata. Pakutha masiku ochepa amakhala atachita chuku, umboni utaola. Chovala chotere chimafunika kuumitsidwa pamthunzi, osachitikita, osachisita, kenako n'kuchiika mu envelopu kapena kuchikulunga m'pepala loyera, chilichonse pachokha, chitenje kwina, siketi kwina, ndipo ochigwira achepe. Chikauma bwino chimasunga DNA kwa zaka zambiri. Ngakhale zimene munachapa kunyanja zija musazitaye, pakuti nthawi zina mbewu za umuna zimatsalira mu ulusi wa nsalu. Mphasa kapena nsalu ya pabedi ya pamalo pamene zinachitikira ndi yofunikanso, koma imeneyo auzeni apolisi akatenge okha.

Ndanena kuti akatenge okha chifukwa bwalo limafuna kudziwa ulendo wonse wa chinthucho: anachitenga ndani, anamata envelopu ndani, anasainira ndani pochilandira, chinagona kuti. Pakasowa dzanja limodzi pa mndandanda umenewu, loya wa woimbidwa mlandu amangofunsa kuti tidziwa bwanji kuti sichinasinthidwe, umboni wa ndalama zambiri n'kugwa. Choncho maganizo oti wachibale akatole mwakabisira tsitsi la bamboyo kapena kapu imene wamwera tiyi ndi otaya nthawi, ndipo angathe kukubweretserani mavuto ena.

Pali kanthu kena kamene kamakhudza midzi yathu, momwe woganiziridwa kawirikawiri amakhala wa pakhomo pomwepo. Umuna ukachepa kwambiri, akatswiri nthawi zina amayeza DNA ya chimuna yokha, ija ya Y, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna pafupifupi osasintha. Zotsatira zake zimaloza mzere wonse wa kuchimuna, munthu, bambo ake, achimwene ake a bambo mmodzi, osati munthu mmodzi. Kwa ife amene timawerenga ubale kuchikazi izi zimadabwitsa: malume ndi mwana wa mlongo wawo, amene pa mwambo ndi magazi amodzi, pa kuyeza kumeneku safanana. Apanso mboni ndi zimene zimasankha pakati pa abale.

Kuyeza DNA kumafuna labotale ya makina odula, si ntchito ya pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo milandu yambiri yotere m'makhothi a majisitireti imagamulidwa popanda iyo. Chimene bwalo limamva ndi mawu a mwanayo, mawu a munthu woyamba amene anamuululira, lipoti la chipatala, ndi umboni wa zaka zake, monga chiphaso chobadwira kapena buku lake la kusikelo. Inu, Mayi, ngati ndinu amene munayamba kumva, ndinu mboni yofunika, choncho lembani lero lomwe tsiku, nthawi ndi mawu amene mwanayo ananena, monga anawanenera, osakometsera. Makolo anati mlandu suola, ndipo pa nkhani iyi chimene chimaola msanga ndi zoyeza za pa thupi ndi kukumbukira kwa mboni.

Ngati simunatero kale, kanenni ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, ndipo mukatenge zovala zija zili m'mapepala. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo ndi ya nkhani za ana. Mwatchulanso kumapeto kwa kalata yanu kuti akubanja kwa bamboyo abwera kawiri kudzapempha kuti nkhaniyi ikambidwe kwa amfumu, apereke chipepeso. Uwu ndi mlandu wa boma, amfumu alibe mphamvu youweruza, ndipo ndalama iliyonse imene mungalandire idzafunsidwa m'khothi pofuna kuonetsa kuti banja lanu limafuna phindu. Akabweranso, auzeni mwaulemu kuti nkhani ili m'manja mwa apolisi, ndipo wapolisi wofufuzayo mukamuuze za maulendo awiri ajawo, ndi mayina a amene anabwera.