Za TLD, mapiritsi a magazi ndi chilungulira kwa amayi apakati

Achemwali amene mwafunsa mosatchula dzina, mwati muli ndi pakati pa miyezi isanu, mumamwa TLD (ma ARV, mankhwala a kachilombo ka HIV) usiku, ku sikelo akupatsani mapiritsi oonjezera magazi, ndipo chilungulira chikavuta mumagula magnesium trisilicate. Mukufuna kudziwa ngati zonsezi mungazimeze nthawi imodzi. Mapiritsi a magazi musasiye, TLD musasiye, koma nthawi yomwera muisinthe.

Mu TLD muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Amene amavuta pano ndi dolutegravir. Akakumana m'mimba ndi iron, calcium, magnesium kapena aluminium, amamatirira ku zinthuzo n'kutuluka nazo osalowa m'magazi. Inu mukuganiza kuti mwamwa mankhwala, pomwe thupi lalandira ochepa, kachilombo n'kupeza mpata wochulukana. Kwa mayi wapakati zimenezi si zamasewera, chifukwa viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) ikakwera ndi pamene mwana angatenge kachilombo.

Lamulo lake ndi ili: imwani TLD maola 2 musanamwe zinazo, kapena maola 6 mutamwa kale. Mapiritsi a iron ndi calcium amaloledwa kumwera pamodzi ndi TLD ngati mukudya chakudya nthawi yomweyo, koma mankhwala a chilungulira ayi, amenewo muwatalikitse ngakhale mwadya nsima. Ine ndimaona kuti chapafupi n'kusuntha TLD kuti muzimwa m'mawa, mwachitsanzo 6 koloko, a magazi masana mukatha kudya, a chilungulira madzulo ngati chakuvutani, poti chimakonda kubwera pogona. Ena dolutegravir amawasowetsa tulo akamwa usiku, ndiye kumwa m'mawa kumathandizanso pamenepo. Koma musasunthe nokha mawa lino, kambiranani ndi anesi a kumene mumalandirira ma ARV akuuzeni mosinthira.

Palinso dothi lodya lija timagula ku msika wa Kapata ku Chipata. Ambiri sitilitchula kuchipatala chifukwa cha manyazi, koma m'dothi muli zinthu zomwezi zimene zimamanga mankhwala. Ngati mukulilakalaka kwambiri, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti magazi achepa, kauzeni anesi akuyezeni.

Ena amanena kuti dolutegravir amalemaza ana. Mantha amenewo anayamba mu 2018 ndi kafukufuku wa ku Botswana, koma atapitiriza kuwerenga ana ambiri obadwa, chiopsezo chija chinapezeka chochepa kwambiri, ndipo mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mankhwalawa kwa amayi apakati. Folic acid amene akupatsani pamodzi ndi iron ndi amene amathandiza kuteteza msana ndi ubongo wa mwana, makamaka m'masabata oyamba a mimba.

Ngati mukumwa Septrin (mankhwala oteteza ku matenda ena amene amaperekedwa kwa amene ali ndi HIV), muwauze a ku sikelo asanakupatseni Fansidar wa malungo, awiriwa saperekedwa pamodzi. Brufen ndi diclofenac musagule pa kantemba: kwa wapakati n'zoipa kale, ndipo pamodzi ndi tenofovir zimalemetsa impso. Zitsamba zofulumizitsa kubereka zimene apongozi angabweretse, muzikane mwaulemu.

Tsiku limene mwaiwala piritsi, imwani mukangokumbukira. Ngati nthawi yomwera lina yayandikira, imwani limodzi lokha, osati awiri. Ndipo ngati mwakhala mukumwera TLD pamodzi ndi magnesium uja, mukapita ku kiliniki kwanu kapena ku chipatala cha Chipata Central munene zimenezo momwe zilili, mupemphe akuyezeni viral load musanafike miyezi yomaliza.