Ndalama za m'gemu zaima pa 2,147,483,647: kodi foni yawonongeka?

Mnyamata wina wokonza mafoni ku Matero wanditumizira imelo. Akuti mng'ono wake amasewera gemu ya pafoni, ndipo ndalama za m'gemumo zitafika pa 2,147,483,647 zinangoima, osakweranso. Akufunsa kuti: "Nambala yosalongosoka chonchi yachokera kuti? Bwanji osaima pa 2 biliyoni yeniyeni?"

Achimwene, foniyo musaimasule, ilibe vuto. Nambalayi imaoneka yosalongosoka kwa ife owerenga ndi zala khumi. Kompyuta imadziwa 0 ndi 1 basi, ndipo mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'malo 32 otchedwa ma bit. Amodzi mwa malowo ali ngati mpando wa kondakitala, sakhalapo wokwera: amangosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Otsala 31 aja akadzaza ndi ma 1 okhaokha, pamatuluka 2,147,483,647. Yesani nokha: chulukitsani ma 2 okwana 31, mupeza 2,147,483,648, kenako chotsanipo 1. Pulogalamu yolembedwa mosasamala, ikafika pamenepa n'kuwonjezera 1, imagwera ku -2,147,483,648. Mng'ono wanuyo athokoze amene analemba gemuyo, akanadzuka ndi ngongole.

Koma nambalayi inatchuka kompyuta kulibe. Ndi prime number, kutanthauza kuti palibe nambala yoigawa osasiya chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Kuyamba kuyesa n'kosavuta. Imathera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 alephera. Mukaphatikiza manambala ake khumi aja mupeza 46, ndiye 3 walepheranso. Ntchito ili kutsogoloko, chifukwa muyenera kuyesa mpaka 46,340.

Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anatsimikizira kuti nambalayi ndi prime number mu 1772, ndipo nthawi imeneyo maso ake anali atasiya kuona bwino. Sanayese nambala iliyonse ayi. Ankadziwa kuti prime number iliyonse yogawa nambalayi iyenera kusiya chotsala 1 ikagawidwa ndi 62, monga 311 kapena 373, ndiye zina zonse anangozilumpha. Kwa ine nzeru yeniyeni ili pamenepa, kudziwa zosayenera kutayirapo nthawi.

Musaganize kuti kuchulukitsa ma 2 n'kuchotsa 1 kumabala prime number nthawi zonse. Ma 2 okwana 11 amatipatsa 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Zimene zimapambana mayesowa zimatchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anazilemba mndandanda mu 1644.

Poti mumagwira mafoni, dziwaninso ichi. Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970. Masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku owerengeka, ndipo adzakwana pa 19 January 2038, nthawi ya 05:14:07 m'mawa kuno ku Lusaka. Makina osakonzedwa adzabwerera ku December 1901. Mafoni ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito ma bit 64, ndiye amene ali patebulo panupo mwina sadzamva n'komwe. Oti muwayang'anitsitse ndi makina akale aja amene eni ake amakana kuwataya.