Mwana sachoka pamudzi ngati katundu wa transipota

Mdzukulu wanga wina wa ku Rosettenville wandilembera kuti: "Agogo, mayi wina amene ndinadziwana naye pa Facebook akuti wapezera mng'ono wanga ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Mwanayo ali ndi zaka 15, sukulu analekera Fomu 1. Mayiyo akuti ya transipota alipira yekha, tidzabweza akayamba kulandira. Kodi ndimulole alipire?"

Mwanawe, wafunsa za ndalama. Ine ndimayembekeza kuti ufunsa kuti, kodi amalume ake amva? Nanga akatsika pa Park Station, akagwera m'manja mwa yani?

Kwathu ku Dedza mwana sankanyamuka chinyamukire. Ine ndili kamtsikana ndinapita ku Limbe kukalera khanda la amayi aang'ono, mbale weniweni wa bere limodzi ndi amayi, komabe nkhani inakambidwa masiku atatu. Amayi aang'onowo anabwera okha kudzapempha, anakhala pamphasa, nkhuku inafa. Amalume, eni mbumba, anafunsa zonse: akagona pati, kutchalitchi azikapita, adzabwera liti kudzationa. Tsiku la ulendo anavala jekete lawo limodzi lomwelo n'kundiperekeza mpaka ku Limbe. Anagona konko masiku awiri. Anaona pogona panga, anapatsana moni ndi oyandikana nawo nyumba, ndipo pochoka anandigwira dzanja n'kuliika m'dzanja la amayi aang'ono aja anthu akuona. Kumeneko tinkati kupereka mwana pamanja. Atabwerera kumudzi anakafotokoza kwa agogo ndi kwa amfumu kuti mwana uja ndamusiya pakutipakuti. Mpaka lero ndikatseka maso ndimamva kukhakhala kwa chikhatho chawo.

Ngakhale amuna a ndevu zawo opita ku Wenela ankatsazika mudzi wonse, dzina lawo n'kulembedwa, mgodi wake n'kudziwika. Lero mwana wamkazi wosakhwima n'komwe akudutsa pa Mwanza, ku Tete, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, atapanikizana ndi matumba a ufa ndi usipa, womuperekeza wake ndi nambala ya foni basi. Sindikukudzudzula, mwanawe. Ndikudziwa kuti kumudzi zinthu zathina, ndipo iwe ukufunira mng'ono wako zabwino. Koma inu ana a masiku ano mumakhulupirira chithunzi cha pa foni kuposa maso a amalume anu.

Kulipiriridwa ulendo kumene wakuona ngati chifundoko ndiye chingwe chake. Ozembetsa ana amayamba choncho. Mwana akafika amamulanda pasipoti kuti "tikusungire", foni nayonso. Kenako amamuuza kuti ngongole ya transipota, ya chakudya, ya pogona yakwana mwakuti. Ntchito ya m'nyumba ija siioneka. Chimene chimaoneka ndi chipinda chokhoma ndi azibambo olowa mosinthana, ndalama akulandira wina. Ena amamuzoloweza mankhwala ozunguza bongo kuti asathawe. Akalira amamuopseza kuti ulibe mapepala, apolisi akakutsekera ku Lindela, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, ndiponso tikauza kwanu zimene wakhala ukuchita. Manyazi amenewo ndi amene amatseka pakamwa ana athu. Ndipo wochita izi nthawi zambiri amayankhula Chichewa chomwechi, amakutchula "achemwali", mwina mumaimba naye kwaya imodzi.

Boma la kuno linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2013, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kukhala kundende moyo wake wonse. Kwathu ku Malawi lamulo lotere linabweranso mu 2015. Pa malamulo onsewa aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mawu oti "anavomera yekha" sapulumutsa munthu. Lamulo la kunoli limanenanso kuti ukadziwa kapena kukayikira kuti mwana wazembetsedwa, uyenera kukanena kupolisi. Pamenepa aboma angolemba zimene makolo ankanena kale, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri a ife timaona kamtsikana kachilendo pa fulati yoyandikana nafe ku Hillbrow kapena ku Yeoville, kosatuluka masana, kosayang'ana munthu kumaso, ife n'kumati za eni. Timaopa kuti tikayankhula atifunsa mapepala ifeyo. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma foni ilipo: Childline ndi 116, yaulere, apolisi ndi 10111, ndipo nambala yonenera za kuzembetsa anthu ndi 0800 222 777. Kumudzi nakonso 116 yomweyo ndi ya ana. Uzilembe kuseri kwa Baibulo lako.

Mwina mayiyo ndi wabwino, sindinamuone. Koma munthu wabwino sakana kuonedwa. Umuuze kuti agogo akufuna kudzaona nyumbayo, kudziwa bwana wake, ndi kuona pamene mwana azigona. Ukamva "ndatanganidwa", mawa "bwana sakonda alendo", wadziwa kale. Ndiponso wa zaka 15 malo ake ndi m'kalasi. Ndalama imene ukanabweza kwa transipota ikhoza kumuthandiza kubwerera ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwanu.

Usiku uno uimbire amalume ako, uwafotokozere zonse, usabise kanthu, ndipo mwanayo asanyamuke. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi undipeze ku Turffontein ndi nambala ya mayiyo. Miyendo yanga yatha, koma pa takisi ndikwera, tikaione nyumbayo tonse awiri.