Tommy Douglas, mbusa amene analowa ndale

Achimwene, mwafunsa ngati alipo mbusa amene analowa ndale n'kusiya ntchito yooneka ndi maso. Alipo, ndipo ine ndimamulemekeza kwambiri: Tommy Douglas wa ku Canada.

Anabadwira ku Falkirk, ku Scotland, mu 1904, koma anakulira ku Winnipeg, mzinda wa ku Canada. Ali mwana anadwala matenda a m'fupa la mwendo, moti madokotala ankafuna kuudula. Anapulumuka chifukwa dokotala wina anavomera kumuchita opaleshoni mwaulere, bola ophunzira ake aonerere. Douglas sanaiwale kuti mwendo wake unapulumuka mwamwayi chabe.

Mu 1930 anakhala mbusa wa mpingo wa Baptist ku Weyburn, m'chigawo cha Saskatchewan, pa nthawi imene chilala ndi kugwa kwa chuma zinasautsa alimi a ku Saskatchewan. Ataona kuti thandizo la pa tchalitchi silikukwanira, analowa chipani cha CCF (Co-operative Commonwealth Federation), chomenyera ufulu wa alimi ndi antchito. Anatsogolera boma la chigawocho kuyambira 1944 mpaka 1961, ndipo mu 1947 anayambitsa inshuwalansi ya boma yolipirira aliyense wogonekedwa m'chipatala. Yolipirira madokotala inayamba mu 1962, iye atachoka kukatsogolera chipani cha NDP (New Democratic Party), chimene chinalowa m'malo mwa CCF, ngakhale madokotalawo ananyanyala ntchito masiku 23 poikana. Anamwalira ku Ottawa mu 1986.