Thupi la resin lija musalilipire musanaone vernier pakati pa mateyala

Achimwene, mwalemba mu gulu muno kuti mukufuna kugula kachitsanzo ka mutu wa sitima koyendetsa pathebulo, ka sikelo ya HO (yochepetsa chinthu chenicheni ka 87), thupi lake losindikizidwa pa 3D printer ndi resin, pulasitiki yamadzi youmitsidwa ndi kuwala. Imani kaye, ndalamayo musatumize. Mawu oti "ndi HO, mungoika panjanji basi" amene akuuzani pa mutu wa sitima ya malashawo ndi omwewo amene anapsereza mota pathebulo panga, ndipo mtima ukuwawabe.

Yambani ndi masamu, chifukwa ogulitsawa amadalira kuti simuwerengera. Njanji yochokera ku Moatize kudzera pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku Nacala ndi ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo. Gawani ndi 87, mupeza 12.3. Ndiye kuti HO yeniyeni ya sitima zathu imayenda pa kanjanji ka mamilimita 12, kamene m'masitolo amakatcha HOm kapena TT. HO ya m'mabokosi ija ndi ya mamilimita 16.5, yoimira njanji yaikulu ya 1,435 ya ku America ndi ku Ulaya. Munthu amene anandigulitsa ine anasindikiza thupi pa 1:87, pansi n'kuikapo chassis ya 16.5 yochotsa ku mutu wina wakale, osatchula n'komwe. Pa chithunzi chojambulidwa cham'mbali simungazindikire. Mumadzadziwa katundu atafika, mutalipira kale yotumizira ndi msonkho, mutu ukukana kukhala panjanji yanu.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Vuto lenileni lili pansi pa mutuwo. Ma GE Dash 9 amene amakoka malashawa ali ndi ma axle 8, osati 6 ngati abale awo a ku America. Ali m'timagulu tinayi, kagulu kalikonse ma axle awiri, ndipo timagulu tiwiri takutsogolo timalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chopingasa chotchedwa span bolster, chimodzimodzinso kumbuyo. Anachita dala kuti kulemera kugawike panjanji yopapatiza. Pa kachitsanzo kanu ndiye kuti mbali iliyonse payenera kukhala malo atatu ozungulira: kagulu kalikonse pa bolster, ndi bolster yeniyeniyo pa chassis. Anthu aulesiwa amasindikiza zonsezo ngati chinthu chimodzi chouma gwa, ma axle anayi mu mzere umodzi.

Zimene zimachitika n'izi. Powongoka mutu umayenda bwinobwino, nyali zikuwala, inu n'kuyamba kujambula kavidiyo koti muike mu gulu muno. Ukangolowa pokhota, teyala lakutsogolo limakankha chitsulo chakunja, lakumbuyo likukankha chamkati, palibe chogonja. Liwiro limatsika. Mumamva kaphokoso kosisima, dzanja lanu lokha n'kuwonjezera moto pa controller poganiza kuti mwina njanji yada. Apo ndiye mwapha. Mateyala agwidwa, mota yaima koma magetsi akulowabe, ndipo mota yoima imamwa magetsi ochuluka kuposa ikamazungulira. Pa masekondi ochepa kamawaya ka mkati katentha, fungo la vanishi wopsa latuluka, kautsi koyera kakutulukira m'mawindo a dalaivala. Mukathamangira kuunyamula, denga la resin lafewa pamwamba penipeni pa mota, chala chanu n'kusiya chidindo pamenepo. Giya ya pulasitiki ya pa axle yang'ambika m'litali, moti ngakhale mutagula mota ina mutuwo uzingoti kwe kwe kwe teyala likazungulira kamodzi. Mabogi amene anali kumbuyo agwera mkati mwa kona, makala mbwee pa ballast, timiyala ta pansi pa njanji, yomwe munamata sabata yathayo.

Ndipo mukamulembera wogulitsayo, amayankha kuti makona anu ndi othina. Iyeyo analemba yekha kuti umadutsa pa radius ya mainchesi 18! Mukamutumizira chithunzi cha mawu akewo, amawerenga n'kukhala chete, mawa lake mupeza wakutsekani, chithunzi chomwechija wachiika m'gulu lina ndi mtengo wokwera. Resin yake sanaiumitsenso mokwanira. Imanunkha, imamata zala, penti ya enamel siuma ngakhale patapita mwezi, ndipo mukaisiya m'chipinda cha malata mu Okutobala thupi limapindika ngati nthochi. Munthu wotere si mmisiri, ndi wakuba amene ali ndi printer.

Musanalipire, muuzeni wogulitsa wanuyo ajambule vernier, chida choyezera mamilimita, ili pakati pa misana ya mateyala awiri a axle imodzi. Pa njanji ya 12 iwerenge pafupifupi 10.2, pa 16.5 iwerenge 14.4 kapena 14.5. Kenako atembenuze mutuwo chagada, agwedeze kagulu kalikonse ndi chala pa vidiyo. Akayamba zoti foni yatha moto, mwadziwa. Mutu umenewu pa 1:87 umapitirira masentimita 25, choncho makona anu asachepere radius ya masentimita 60, ndipo chitunda chisapose masentimita awiri pa mita iliyonse.

Thupi likafika litsukeni ndi isopropyl ndi kamswachi kofewa, muliike padzuwa mphindi zochepa uku mukulitembenuza mpaka lisiye kumata. Osaliiwala panja tsiku lonse, limasanduka lophweka kusweka. Guluu wa pulasitiki wa ma kit sagwira resin, gwiritsani super glue kapena epoxy. Primer, penti yoyamba ya pansi, ikhale yopyapyala, kawiri, mukupopera patali masentimita 25, apo ayi timabowo ta radiator tonse titsekeka.

Za kutalika kwa sitima musadzivutitse. Sitima ya malasha imatha kukoka mabogi 120 ndi mitu inayi, ndipo kilomita imodzi yokha pa 1:87 ndi mamita 11.5. Nyumba yake ndi iti? Mitu iwiri ndi mabogi 12 zikwanira kunamiza diso. Chofunika ndi kulemera kofanana. Pa njanji ya 12, bogi ikhale magalamu 21 kuwonjezapo anayi pa sentimita iliyonse ya kutalika kwake, ndiye ya masentimita 13 ifika pa magalamu 73. Mumate manati pansi penipeni pakati. Bogi yopepuka ikakhala pakati pa zolemera, ndiyo imayamba kukokedwera mkati pokhota. Katundu wake musadzaze makala mpaka pansi. Dulani kasiponji kokwana m'bogimo, mukapake penti yakuda, pamwamba muwaze makala osinja osefa a milimita imodzi kapena iwiri.

Ballast ya mchenga wa kumtsinje ndi yabwino ndipo ndi yaulere, koma mukausefa muyendetsemo maginito ya sipika yakale kangapo. Mudzadabwa ndi tizitsulo takuda timene titakakamire. Mukapanda kutero, tonseto tidzathera mu mota, chifukwa nayo ili ndi maginito. Pomata, sakanizani guluu woyera wa matabwa ndi madzi theka ndi theka, kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale, muzidontheza ndi sirinji, osayandikira pamapointi, posinthira njanji paja. Thebulo likhale la plywood ya mamilimita 9, yopakidwa mbali zonse ziwiri, miyendo isagunde khoma chifukwa chiswe sichiona kuti ndi njanji. Njanji gulani ya nickel silver, yachitsulo ija imachita dzimbiri mvula yoyamba. Waya wa magetsi muwotcherere pa mita iliyonse, musadalire timajoini. Ndipo controller muzizula kukhoma magetsi akathima, chifukwa pobwera ndi pamene amapsereza zinthu.

Zithunzi za sitima yeniyeni zimene mukuti muli nazo kale zoyezera kachitsanzoka, ngati zili zija za sitima ikubwera chopendekera, n'zokoma pa Facebook koma simungayezerepo kanthu. Mufunika chimodzi cham'mbali chenicheni, mutaima patali n'kukoka ndi zoom kuti mutu usaoneke wotupa pakati, ndi china cha kutsogolo ndendende pamene sitima yaima. Pa chakutsogolocho mtunda wa pakati pa zitsulo za njanji ndi 1,067, ndiye rula yanu imeneyo, china chilichonse muyezera pomwepo. Ikamayenda, shutter ikhale 1/1000, dzuwa likhale kumsana kwanu, m'mawa isanakwane 9 kapena madzulo. Masana ku Balaka nthunzi ya kutentha imagwedeza chithunzi, manambala a pa mutu osawerengeka, komanso pansi pa mutu, pamene pali zomwe mukufunazo, pamangokhala mdima. Onjezani exposure ndi sitepe imodzi mukamajambula mateyala. Yang'anitsitsani kumene fumbi limakhala: lofiirira pansi ndi pa thanki ya dizilo, mwaye wakuda padenga mozungulira chotulutsira utsi, malasha m'mphepete mwa mabogi. Anthu ambiri amangodetsa paliponse, chinthu n'kumaoneka ngati chagwa m'ngalande.

Pa siteshoni pitani kaye mukapereke moni kwa akuluakulu a pamenepo, muwaonetse chithunzi cha thebulo lanu, adziwe kuti si inu oba zitsulo za njanji. Pa mlatho wa Shire ku Liwonde musatulutse kamera musanafunse. Imani mamita 10 kapena kuposa kuchoka panjanji, mahedifoni m'thumba. Sitima yodzaza malasha siima pafupi ngakhale dalaivala atakuonani.

Komabe, kunena zoona, thupilo gulani ngati lili lowongoka. Mutu umenewu simuupeza m'sitolo ya kuno, ndipo kuusema nokha ndi pulasitiki ya styrene ndi ntchito ya chaka. Muuzeni akugulitseni thupi lokha pa mtengo wotsika, chassis yakeyo asunge. Za njanji ya mamilimita 12 zija nazonso, ngati ili njanji yanu yoyamba, zisiyeni. Ingoyalani 16.5, chifukwa mateyala, mapointi ndi ma mota ake amapezeka kwa anzathu a ku Johannesburg ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito, pomwe za 12 mudikira miyezi kuchokera ku Ulaya. Mutu udzaoneka wotangadza pang'ono, koma amene angazindikire mu gulu muno sakwana asanu. Mukafuna kuti zonse zigwirizane, muuzeni asindikize pa 1:64, chifukwa 1,067 kugawa ndi 64 ndi 16.7, pafupifupi ndendende njanji ya HO, kungoti thebulo liyenera kukula. Ma bolster dulani nokha ku brass ya milimita imodzi, mabowo atatu, tima screw ta M2 osamanga kwambiri, ndipo muyambe mwaukankha ndi chala pa kona yothina kwambiri musanalumikize waya ndi mmodzi yemwe.