Udzudzu wandikwana m'kabini, ndipange bwanji?

Funso: Zikomo akulu. Ine ndimayendetsa thiraki ya ku Beira, nthawi zambiri ndimagona mugalimoto momwemo pa boda ya Mwanza kapena ku Tete podikira mapepala. Ndikatseka magalasi kutentha kwake kosasimbika, ndikatsegula udzudzu ngati waitanidwa. Ndipange bwanji? Dalaivala, Blantyre

Yankho: Pepani achimwene, kutentha kwa ku Tete timakudziwa, koma musagonje chifukwa udzudzu wa anofelesi umene umafalitsa malungo umaluma usiku womwewo inu muli mtulo. Choyamba ndi neti, yonyikidwa m'mankhwala ija, ipindeni kuti ikwane pa bedi la m'kabini, mangani zingwe m'makona ndipo m'munsi muifinyire pansi pa matiresi, mkono usamagunde neti chifukwa amaluma pomwepo. Kenako gulani gozi waya kapena dulani neti yakale, muike pa mawindo ndi tepi kuti magalasi akhale otsegula mphepo izilowa. Doom poperani musanagone, tsekani zitseko mupite kaye kokadya, mukabwera tsegulani fungo lituluke.

Chimene ndikukupemphani kwambiri, osayatsa koyilo mutatseka magalasi, malo ndi ochepa utsi uja ungakupwetekeni m'chifuwa, komanso moto pafupi ndi matiresi ayi ndithu. Poimika pewani pafupi ndi zithaphwi ndi ngalande. Mafuta odzola okhala ndi mankhwala othamangitsa udzudzu otchedwa DEET amathandizanso m'miyendo ndi m'khosi.

Mukamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi, kayezetseni tsiku lomwelo, akakupatsani mankhwala a malungo a LA mumalize mapiritsi onse ngakhale mutayamba kupeza bwino.